Kumbuyo Kwanga Kunalibe Munthu

Ndinadandaula koyamba Lolemba loyamba la mwezi wa Malichi chaka chino, pakamwa, pakhonde la telala pa Chonde, pamaso pa wapampando wa komiti ya dera lathu ndi mlembi wake. Anandiyankha kuti amva. Mwezi wotsatira ndinalemba kalata n'kukaipereka ndi dzanja langa. Chiperoni chitayamba ndinalembanso ina, yaifupi, yongokumbutsa. Makope a makalata onse awiri ali m'bokosi langa lachitsulo, limodzi ndi ziphaso zanga za msonkho kuyambira choyambirira, pepala la ukwati wathu, ndi mapepala a ubatizo a ana anga onse, amoyo ndi amene anatsogola. Chimene mulibe m'bokosimo ndi yankho.

Dandaulo langa ndi ili. Komitiyo yalengeza kuti posankha munthu woti dera lino limutumize kukapikisana pa mpando wa kukhonsolo, anthu adzaima pamzere kumbuyo kwa amene akumufuna, masana, pabwalo la sukulu. Akuti njirayo ndi yachangu, siifuna pepala, ndipo palibe angabe. Ine ndikuti njira imeneyo ndikuidziwa kuposa onse a m'komitimo, pakuti ndinaimapo kutsogolo kwa mzere wotero iwo asanabadwe. Nkhaniyi ngakhale ana anga sindinawakambirepo. Ndikuilemba tsopano chifukwa cha inu amene mukaponye voti koyamba, ndiponso chifukwa mmodzi mwa anthu awiri amene akuimawo ndi mwamuna wa mdzukulu wanga. Winayo ndi kalaliki wa sikelo ku esiteti, amene amayeza tiyi wothyola mdzukulu wanga yemweyo tsiku ndi tsiku. Sindifuna kuti mwana ameneyu akaime pamene anaima agogo ake aakazi.

Makolo anga anawoloka Ruo ine ndili kumsana, akuthawa asipayi, asilikali a Apwitikizi. Anapeza malo pa dziko la mzungu wa esiteti, m'tsinde mwa phiri, ndipo malowo ankawalipira ndi thangata: miyezi ya mvula, pamene munda wako ukulira khasu, iwe uli m'munda mwa mzungu. Kunyumba tinkalankhula Chilomwe, panja Chimang'anja. Ine ndinachita mwayi wolowa sukulu ya mishoni, ndipo ndinatulukamo ndikudziwa kuwerenga, kulemba ndi kuwonkhetsa. Nditakula ndinakwatira, n'kukamanga nyumba kwawo kwa mkazi, monga achitira mkamwini aliyense.

Boma linalipo ngakhale nthawi imeneyo, musaganize kuti layamba ndi inu. Koma linkayenda ngati madzi a m'phirimu, ongodziwa kutsika. Pamwamba panali bwanamkubwa ku Zomba ndi azungu angapo opanga malamulo. Munthu wakuda m'nyumba imeneyo munalibe. Tinkangomva kuti kuli mmishonale wina wotilankhulira, amene sitinamuonepo nkhope. Pansi pawo panali bwana wa pa boma la Mulanje, pansi pake makalaliki ndi amesenjala a zisoti zofiira, ndipo pansi pa onsewo panali ife. Mawu ankatsika mpaka pakhomo pako. Ukafuna kuwakweza, unkapeza kuti njira yake kulibe.

Nkhondo yoyamba ya Jeremani isanayambe, kunatsika mawu akuti nyumba zobalalika m'minda zisonkhane pamodzi, ndipo gulu lililonse likhale ndi munthu mmodzi woyankha ku boma. Ameneyo azinena za obadwa ndi omwalira, za alendo ogona m'mudzi, za msonkho ndi zolambula misewu. Kwa eni dziko zinali zosavuta, mafumu anali nawo kale. Ife obwera tinali anthu a mabanja osiyanasiyana, ongokumana tsidya lino la mtsinje, ndipo panalibe banja limene likanati ufumu ndi wathu.

Kwathu, mwini mbumba akamwalira, amayi a mbumbayo ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Zimene ankakambirana m'menemo zinkathera momwemo. Kenako mayi mmodzi wachikulire ankatuluka n'kukamugwira dzanja amene asankhidwa. Wosiyidwayo sankadziwa kuti wamukana ndani. Ankatha kudzitonthoza kuti mlongo wanga anandinenerera, kungoti anachepa mawu, ndipo madzulo ake ankadya nawo m'mbale imodzi. Njira imeneyo sinali yopanda chilema, koma inkasiyira munthu nkhope yoyenda nayo m'mudzi. Ku boma kunalibe nthawi yodikira amayi kuti atsegule chitseko. Anati adzabwera okha kudzatisankhitsa.

Aliyense ankadziwa kuti adzaima ndi amalume ake a mkazi wanga. Iwo anali kapitawo wa esiteti. Ndiwo ankaloza pamene banja lilime, ndiwo ankachonga masiku a thangata, ndipo mwezi wako unkatha iwo akati watha. Sanali munthu waukali. Anali wanthabwala, wamimba yaikulu, woseka mpaka kutsamwa, koma nthabwala zawo zinkasiya chipsera.

Tsiku lina titamaliza dima m'munda mwa mnansi wathu, tili pa mowa, amuna anayamba kundizungulira mmodzimmodzi.

"Alamu, bwanji osaima inu? Pepala mumalidziwa. Tikatumiza kapitawo, ndiye kuti mzungu wa esiteti ndi boma akhala pampando umodzi."

"Ine ndine mkamwini," ndinatero. "Ndili ndi chiyani pano? Ngakhale nkhuku ya pakhomo si yanga."

"Ndiye zabwinotu! Mulibe choti akulandeni."

Onse anaseka, ndipo wina anandigwira bondo nati, "Musaope, alamu. Tonse pano tili nanu. Amene adzakusiyeni, mphenzi imupeze pachimbudzi."

Ndinali mnyamata, ndipo mawu otero amalowa msanga m'mutu momwe muli kale mowa. Nditafika kunyumba ndinapeza mkazi wanga akusenda nandolo pakhonde, mwana wathu woyamba ali kumsana. Ndinamuuza. Sanaleke kusenda.

"Mukufuna kuima ndi amalume?"

"Anthu andipempha."

"Anthu ake ati?"

Ndinawatchula.

"Amenewo ali ndi minda yawoyawo?" anafunsa.

Mbiri inawafika amalume akewo m'mawa mwake. Tinakumana panjira ya kumtsinje, ine n'kupatuka kulowa m'udzu monga mwa ulemu. Iwo anaima.

"Akamwini anga, mwadzuka bwanji? Ndamva zoti tonde wobwereka akufuna kulondera khola."

"Ndi anthu andipempha, apongozi."

"Eya, imani ndithu, imani. Sukulu ija isawole. Koma mudye kaye m'mawa wake, kuimirira kumafuna mphamvu." Anapitirira akuseka, mpaka kuseka kwawo kunakamveka kutsidya.

Tsikulo linafika dzuwa lachilimwe litayamba kuluma. Anatisonkhanitsa m'mawa pabwalo loitanira mayina a antchito, kuseri kwa shedi ya esiteti. Kunabwera mzungu wachinyamata wa ku boma, wofiira khosi, ndi kalaliki wake, ndi mesenjala wonyamula ndodo. Mzunguyo ankalankhula pang'ono, kalaliki n'kumasulira zambiri.

"Bwana akuti safuna phokoso. Ofuna udindowu abwere kutsogolo."

Apongozi anatuluka akugwedeza mimba. Ine ndinatuluka pambuyo pawo.

"Inu imani apa, inu apo. Nonse muyang'ane phiri. Wocheuka ndisanalamule wagonja. Enanu nonse, amuna ndi akazi, aliyense akaime kumbuyo kwa amene akumufuna. Bwana awerenga mitu."

Ndikhulupirira kuti mpaka nthawi imeneyo ambiri ankayesa kuti adzafunsidwa mmodzimmodzi, kapena kuti akuluakulu adzapita pambali kukanong'onezana. Mayi wina wokalamba anafunsa chimene onse ankachiganiza.

"Tiime iwo akutiona?"

"Sakukuonani, mayi. Ayang'ana phiri."

"Nanga akacheuka?"

Anthu anaseka pang'ono. Kalaliki anakodola anthu kuti ayambe.

Phiri limenelo ndinali nditaliona tsiku lililonse la moyo wanga, koma m'mawa umenewo ndinaliyang'ana mwala ndi mwala. Dzuwa linali litangosuzumira pamwamba pake, likundilasa m'maso. Maso anali kutsogolo, makutu onse anali kumbuyo. Ndinamva mapazi akukwekwesa fumbi, nsalu zikukhulana, wina akukonza kukhosi. Mapazi ambiri ankamveka kumanzere, kumene kunali apongozi, koma ndinadziuza kuti bwalo limanamiza makutu.

Mwana wathu anali ndi chifuwa masiku amenewo, kachifuwa kouma kotsokomola kawirikawiri. Kutsokomola kumeneko ndikanakuzindikira pakati pa ana a dziko lonse. Ndipo ndinakumva, pafupi penipeni, pamsana panga. Mtima unakhala pansi. Ndinati mkazi wanga wabwera, enawo atsatira.

Kenako ndinamva mapazi ena opepuka akuthamangira pomwepo, ndi kunong'ona kwa Chilomwe. Mawu ake sindinawamve, koma liwu ndinalidziwa: anali amayi ake a mkazi wanga. Kunong'onako kunatenga kanthawi. Kunatha. Ndinadikira.

Mwana anatsokomolanso. Ulendo uno kunamvekera kumanzere, kutali.

"Cheukani!"

Kumbuyo kwanga kunalibe munthu. Panali fumbi lokha, ndi mapazi ang'onoang'ono a mkazi wanga atadinda pafupi ndi zidendene zanga, kenako n'kukhota. Mzere wa apongozi unali wautali mpaka kupinda pangodya ya shedi. Amuna aja a pa dima onse anali momwemo. Wolumbira mphenzi uja anali atawerama, akuzula minga imene munalibe m'phazi mwake.

Mesenjala anagwira ntchito yake mosadumpha. Anayenda mzere wa apongozi akugunda aliyense paphewa ndi ndodo, akuwerenga mokweza. Atamaliza anabwera kwa ine. Anayenda ndithu pamene pakanakhala mzere wanga, ndodo ili m'mwamba, akuyang'ana uku ndi uku ngati wina angatuluke m'nthaka. Kenako anatembenuka, anamenya sawasha, nati, "Palibe, bwana."

"Iyayi, akalaliki, musawabere akamwini anga," anatero apongozi. "Lembani mmodzi. Simukuchiona chithunzithunzi chawocho? Chaima mokhulupirika chokhachokha!"

Chinalidi pomwepo, chachitali, chitagona pafumbi pamene panayenera kuima anthu. Bwalo lonse linaphulika. Kunali kuseka kwa anthu amene apulumuka, kokweza kuposa nthabwalayo. Kalaliki atamasulira, mzungu uja anasekanso. Mkazi wanga yekha ndiye sanaseke. Anali chakumapeto kwa mzere, nsalu itaphimba pakamwa, amayi ake atamugwira padzanja.

Sindikumbukira m'mene ndinachokera pabwalopo.

Sabata imeneyo sindinkatha kusamba mwamtendere. Ndikangofika kumtsinje, wina ankatulukira m'bango, akuyang'ana kaye ngati kuli womuona.

"Alamu, mtima wanga unali kwa inu. Ndi miyendo yokha inalakwa."

Wina: "Ine ndimadikira kuti ayambe wina, ndikanatsatira."

Winanso: "Mukudziwa kuti mwezi wanga wa thangata sunachongedwe. Ndikanatani?"

Ndikanati ndiwerenge mitima imene inandipeza kumtsinje sabata imeneyo, ndikanapambana ndine. Koma boma linawerenga mitu, ndipo mitu inaima kumene kunali minda. Ana anayamba kundilondola panjira, akupondaponda chithunzithunzi changa n'kumafuula kuti, "Mmodzi! Mmodzi!" Dzina lachipongwe lochokera pa tsikulo linandimata zaka zambiri, ndipo okalamba ena pa Chonde akaledzera amalikumbukabe. Sindililemba pano.

Kunyumba mkazi wanga ankandiikira nyemba za kalongonda ndi makaka a chinangwa, ine n'kumadya nditayang'ana khoma. Mwezi usanathe ndinapinda bulangete langa n'kupita ku Likhubula kwa ocheka matabwa, kukasenza mkungudza kuutsitsa m'phiri. Ndinauza anthu kuti ndikukafuna ya msonkho, koma panalibe amene ananamizika. Ndinakhala komweko mpaka mitambo ya mvula inayamba kusonkhana. Kwathu, mkamwini amene sanabwere nthawi yososa munda ndiye kuti watsanzika, ndipo ankhoswe amayamba kuyenderana. Ndinkazidziwa zimenezo.

Tsiku lina ndikutula thabwa pamulu, m'tsinde mwa phiri, ndinaona mkazi wanga ataima pambali, mwana kumsana, mapazi oyera ndi fumbi la ulendo. Anzanga osenza anasuntha pang'ono, koma osati kutali koti asamve.

"Mvula ili pafupi, bambo ake mwana. Munda tiusiye?"

"Akulimireni amalume anu. Anthu ali nawo ambiri."

Anamasula mwana, n'kumukhazika pathabwa. "Nenani zonse, mumalize."

"Munabwera kumbuyo kwanga. Ndinamumva mwanayu. Kenako munachoka. Kukanakhala bwino mukanapanda kubwera n'komwe."

"Amayi anandifunsa mafunso awiri," anatero. "Anati, munda ukudyawo anakulozera ndani? Anatinso, mwamunayu akadzatopa nawe n'kubwerera kwawo, adzakuike m'manda ndani? Ndinayang'ana uku ndi uku kuti mwina abwera anzanu aja munkati akupemphani. Ndinali ndekha, bambo. Inu munkayang'ana phiri. Ine mudzi wonse unkayang'ana ine."

Kufikira tsiku limenelo manyazi anga anali a msana wanga wopanda anthu. Pamenepo anandigwira ena, olemera kuposa oyambawo, ndipo ndi amenewo sanandichokebe. Mudzi wonse wa anthu a ndevu unasiya mtsikana wa mwana wodwala aime yekha pafumbi. Mayi anakoka mwana wake womubala pamaso pa khamu, osati chifukwa chodana nane, koma chifukwa cha mantha a njala. Anthu amene tinkalimirana, kuikirana maliro, kubwerekana moto, tinaphunzira m'mawa umodzi kuti mnzako angakulumbirire lero mawa n'kuyang'ana pansi. Palibe anatuluka pabwalo lija ali wamtali monga analowera. Ndinanyamula mwana, mkazi wanga ananyamula bulangete, tinabwerera kukasosa munda.

Apongozi aja anagwira udindowo zaka zambiri, ndipo sindinama, sanali oipa kuposa ena. Atakalamba, ukapitawo utawathera ndipo pakhomo pawo patayamba kumera udzu, ndinkawapititsira fodya. Tsiku lina anandiyang'ana nthawi yaitali nati, "Akamwini, inu munadziwa tsiku lomwelo kuti mulibe anthu. Ine mpaka lero sindidziwa ngati ndinali nawo." Sanaseke.

Tsono mverani, inu oyamba kumene. Boma limene mukulowamoli lakonzedwa kuti madzi aja azitha kukwera. Dziko lagawidwa m'madera. Dera lililonse lisankha munthu mmodzi, phungu, wokakhala m'nyumba ya malamulo. Kumeneko ndi kumene amakambirana za msonkho, za malo, za sukulu ndi zipatala, ndipo lamulo silikhala lamulo aphungu ambiri asanalivomere. Gulu limene lapeza aphungu ochuluka ndilo limatulutsa nduna zoyendetsa ntchito za boma, ndipo otsalawo ntchito yawo ndi kufunsa mafunso ndi kutsutsa pamene paipa. Musawayese adani, nyumba yopanda wofunsa imafanana ndi bwalo lija la kuseri kwa shedi. Kufupi kuno kuli khonsolo, yoona za misika, milatho ing'onoing'ono, zitsime ndi misewu ya m'midzi. Mlatho wa kwanu ukakokoloka, woyamba kumufunsa ndi amene munamutumiza kukhonsolo, osati phungu. Ndipo onsewa sakhala mpaka imfa monga apongozi anga. Nthawi yawo ikakwana amabwerera kwa inu kudzapempha kachiwiri, ndipo mukhoza kuwakana.

Kuti muvote, dzina lanu liyenera kulembedwa kaye m'kaundula, ndipo kapepala kamene akupatseni mukasunge pouma, osati m'thumba la malaya opita nawo kumunda. Tsiku la chisankho adzakupezani m'kaundulamo, adzakupatsani pepala lovotera, ndipo mudzalowa nalo nokha pamalo otchinga. Achinyamata ena ndawamva akuseka kachipinda kameneko, akuti n'kofanana ndi bafa. Musakaseke. Zonse ndafotokoza pamwambazi, aphungu, nduna, khonsolo, zaima pa kachipinda kameneko. M'menemo simulowa kapitawo, simulowa mwini munda, simulowa mwamuna wako. Mukhoza kudya mowa wa munthu, kumuvinira, kumulonjeza ndi mphenzi yomwe, koma mukalowa m'menemo mwatsala inu ndi mtima wanu. Ndi chitseko chija ankatseka amayi a mbumba, kungoti tsopano aliyense ali ndi chake.

N'chifukwa chake zandipweteka kuti komiti yathu, pa sitepe yoyamba yeniyeni, posankha woti akaime, ikufuna kubwezera anthu pafumbi. Tsiku lija pakhonde la telala wapampando anandiyankha moseka.

"Madala, wobisa voti ndi wobisa ufiti. Ife tikufuna zoonekera. Pamzere palibe kuba."

"Zoona, pamzere saba mitu," ndinatero. "Amaba miyendo."

"Inu mukungoopa kuti mkamwini wanu agwa."

Pamenepo ndinakwiya, ndipo mlembi akhoza kuchitira umboni kuti ndinagogoda ndodo pansi. Mwamuna wa mdzukulu wangayo ndi wolongolola, amayamba kuyankha funso lisanathe, ndipo sindinauze munthu aliyense kuti ndidzasankha iyeyo. Mwina ndidzamusankha, mwina ayi. Chimene ndikumenyera n'chakuti wapampando asadziwe, ndipo mnyamatayo asadziwenso.

Mdzukulu wanga anabwera kwathu Lamulungu lapitali, atachoka kutchalitchi. Anakhala pamphasa pafupi ndi agogo ake aakazi, amene maso awo tsopano aona pang'ono, ndipo anayamba kutola timiyala mu mpunga wopanda timiyala.

"Anganga, tsiku la mzerelo ndikhoza kudwala?"

"Ukudwala chiyani?" ndinamufunsa.

"Chilichonse. Mutu. Ndikaima kwa bambo a kunyumba, akalaliki aja dengu langa lizipepuka mpaka chaka chithe, ndipo mzere wa tiyi azindipatsa wa kumiyala. Anzanga onse othyola akuti aima kwa akalaliki. Ena akuti mtima wawo uli kwathu. Ndikaima kwa akalaliki, ndilowa bwanji m'nyumba?"

Ndinayang'ana mkazi wanga. Zaka zonsezi, chichokereni ku Likhubula, nkhani ija sitinaitchulenso, ngakhale kamodzi. Iye anatembenuzira nkhope kwa ine ngati akundiona bwinobwino.

"Bambo ake mwana, m'kachipinda mumanena kaja, amayi ake a munthu amalowa nawo?"

"Salowa."

"Amalume?"

"Salowa."

"Ndiye mukawauze akomitiwo amange komweko," anatero. "Ine ndalembetsa, ndipo ndikufuna ndisankhe kamodzi ndisanafe. Tsiku lija sindinasankhe."

Akomiti akuti alibe mapepala, alibe mabokosi, ndipo anthu ambiri sadziwa kulemba. Zonsezo ndaziganizira, ndipo ndinazilemba kale m'kalata yanga yoyamba, ndime yachitatu. Pasukulu pali chipinda chokhala ndi khomo limodzi. Pakhomopo tipachike mphasa; yanga ilipo, yatsopano. M'katimo tiike zipanda ziwiri za kukamwa kung'ono, china chomangidwa kansalu, china chomangidwa chitsononkho, ndipo anthu auzidwe pabwalo kuti chipanda chiti ndi cha yani. Pansi pa chipanda chilichonse tiikemo thonje, kuti mbewu ikagwa isamveke panja. Munthu aliyense alandire pakhomo mbewu imodzi ya kalongonda yodonthezedwa inki ya aphunzitsi, kuti wobwera ndi zake m'thumba asapindule. Alowe yekha, atuluke manja ali poyera. Onse akatha, zipandazo zitulutsidwe, zikhuthulidwe pamphasa pamaso pa oimawo, mboni zawo ndi khamu lonse, ndipo aliyense wofuna awerenge nawo. Kuwerenga kukhale poyera monga akufunira wapampando. Kusankha kokha ndiko kubisike. Zipanda ndili nazo, kalongonda ndili naye, ndipo sindifuna malipiro.

Choncho, kwa inu a wapampando, mlembi ndi mamembala onse a komiti ya dera lathu: ine, mkulu wokhala m'dera lino chiwolokereni makolo anga, wolembedwa m'kaundula wa ovota, ndikupempha mwaulemu kachinayi kuti dandaulo langa liwerengedwe pamsonkhano wanu wotsatira, lilowe m'zolemba za msonkhanowo, ndipo mundiyankhe polemba tsiku losankha lisanalengezedwe. Ngati mukukana, mulembe chifukwa chake, ndipo musayinire. Mdzukulu wanga ndamuuza kuti asayambe kudwala kufikira nditamva kwa inu.